Kugunda kwa Mtima: Mmene Kumayendera, Zimene Zimakusokoneza ndi Cithandizo Cimene Ciripo

"Mtima wanga uthamanga." "Usiku ndikagona mtima umacita monga waima, ndiye ugundanso mwamphamvu." Abusa, akulu a mpingo ndi azimai a cigwirizano amene amayendera odwala amawadziwa bwino madandaulo awa. Nthawi zambiri cimakhala nkhawa, kutopa kapena malungo. Koma alipo ena amene mtima wao wasokonezekadi, ndipo cifukwa cosadziwa amangokhala kunyumba, ena nkumaganiza kuti alodzedwa, kufikira tsiku limene sitiroko iwagwetsa. Nkhani iyi ifotokoza mmene mtima umasungira kagundidwe kake, mitundu ya kusokonezeka kwake, zizindikiro zofunika kuthamangira nazo kucipatala, ndi njira zimene madotolo amathandizira nazo. Siilowa m'malo mwa dotolo, koma ingakuthandizeni kudziwa zofunsa mukafika kwa iye.

Mtima ndi nchito yake

Mtima ndi mnofu waukulu monga nkhonya ya mwini wake. Uli pakati pa cifuwa, mopendekera kumanzere. M'kati mwake muli zipinda zinai, ziwiri pamwamba ndi ziwiri pansi. Zapamwamba zimalandira magazi, zapansi zimawapopa. Mbali ya kumanja imalandira magazi amene azungulira thupi ndi kuwatumiza ku mapapo kuti akatenge mpweya wabwino. Mbali ya kumanzere imalandira magazi ocokera ku mapapo ndi kuwakankhira ku ubongo, ku impso, ku manja ndi ku miyendo. Pali tizitseko tinai timene timatseguka ndi kutsekeka pa kugunda kulikonse kuti magazi asabwerere m'mbuyo.

Munthu wamkulu akakhala phee, mtima wake umagunda maulendo 60 kufikira 100 pa mphindi imodzi, kutanthauza maulendo pafupi-fupi 100,000 pa tsiku, ndipo umapopa malita a magazi pafupi-fupi 5 pa mphindi. Mwana wakhanda mtima wake umafulumira koposa, maulendo 120 kapena kuposerapo, ndipo imeneyo si nthenda. Othamanga ndi osewera mpira ozolowera, mtima wao ungagunde maulendo 50 cabe akapumula, iwo ali bwino-bwino.

Kuti magazi ayende bwino, zipinda zapamwamba ziyenera kufinya poyamba, zapansi pambuyo pake, motsatana bwino nthawi zonse. Cimene cimasunga dongosolo limeneli ndi mphamvu ya magetsi imene mtima umadzipangira wokha.

Kumene kugunda kumayambira

Pamwamba pa cipinda ca kumanja pali kagulu ka maselo apadera kamene madotolo amakacha sinus node. Kanapezeka mu 1907 ndi Arthur Keith ndi Martin Flack ku England. Maselo amenewa sayembekezera lamulo locokera ku ubongo. Okha amatulutsa kamphamvu ka magetsi, apumula pang'ono, atulutsanso kena, usana ndi usiku. Nchito yao ili monga ya woimba ng'oma m'kwaya: onse amatsatira nthawi imene iye apereka.

Mphamvuyo imafalikira m'zipinda ziwiri zapamwamba ndipo zimafinya, magazi nkutsikira m'zipinda zapansi. Kenaka imafika pa kagulu kaciwiri kochedwa AV node, kamene kali pakati pa mtima. Dotolo wa ku Japan, Sunao Tawara, ndiye anakafotokoza mu 1906 pamene anali kugwira nchito ku Marburg m'dziko la Germany. Apa mphamvu imaimitsidwa kwa kanthawi kocepa kwambiri, pafupi-fupi gawo limodzi mwa magawo 10 a sekondi, kuti zipinda zapansi ziyambe zadzaza. Ikacoka pamenepo imatsika ndi timitsempha tokhala ngati mawaya, timene timagawikana kumanja ndi kumanzere, ndipo zipinda zapansi zimafinya pamodzi. Kufinya kumeneku ndiko timakumva tikagwira pamkono.

AV node ilinso monga mlonda wa pacipata. Zipinda zapamwamba zikasokonezeka ndi kutumiza mauthenga mazana-mazana, iyo imalola ena cabe kudutsa. Ndiponso sinus node ikalephera, mbali zapansi zingatenge udindo, koma mocedwa: AV node maulendo 40 kufikira 60 pa mphindi, zipinda zapansi 20 kufikira 40. Zimenezi zimasunga moyo, koma sizikwanira kuti munthu agwire nchito.

Magetsi a mu mtima amapangika pamene mitundu itatu ya mcere wa m'magazi, sodiyamu, potaziyamu ndi kasiyamu, ilowa ndi kutuluka m'maselo. Ndiye cifukwa cake kutsegula m'mimba kwambiri, kusanza kosaleka, kolera kapena matenda a impso zingasokoneze mtima umene unali wabwino.

Ngakhale mtima umadziyambira wokha, thupi limauuza liwiro. Mtsempha wocokera ku ubongo wochedwa vagus umaucedwetsa tikapumula kapena tikagona. Tikacita mantha, tikakwiya kapena tikakwera phiri, thupi limatulutsa adrenaline ndipo mtima umafulumira. Kutentha kwa thupi kukakwera ndi digiri imodzi, mtima umaonjezera maulendo pafupi-fupi 10 pa mphindi. Kufulumira kotere si kusokonezeka. Mtima ukungoyankha zimene thupi lapempha.

Kudzipima nokha

Khalani pansi mupumule kwa mphindi 5. Ikani cala ca mkombaphala ndi capakati pamkono, m'munsi mwa cala cacikulu, ndi kusindikiza pang'ono kufikira mutamva kugunda. Werengani kwa mphindi yathunthu mukuyang'ana nkoloko kapena foni. Onani zinthu ziwiri: ciwerengero, ndiponso ngati kugunda kukubwera mofanana monga mapazi a munthu woyenda bwino, kapena mosakanizika, kwina msanga, kwina mocedwa, kwina mofooka. Aliyense wa zaka 65 kapena kuposerapo, ndi aliyense wodwala BP kapena shuga, ndi bwino kuzolowera kucita zimenezi. Makina ambiri opimira BP kunyumba amaonetsanso kacizindikiro ngati mtima sukugunda mofanana.

Mitundu ya kusokonezeka

Madotolo amacha kusokonezeka konse kwa kagundidwe ka mtima kuti arrhythmia. Mitundu yodziwika ndi iyi.

Kugunda koonjezera. Mbali ina ya mtima imatulutsa mphamvu nthawi isanakwane, ndipo pamatsatira kampata kenaka kugunda kwamphamvu. Munthu amamva monga mtima wadumpha. Pafupi-fupi aliyense zimamucitikira nthawi zina, maka-maka akatopa, akasowa tulo kapena akamwa khofi wambiri. Mtima ukakhala wopanda vuto lina, sizifuna mankhwala.

Atrial fibrillation, mwacidule AF. Uku ndiko kusokonezeka kokhalitsa kofala koposa. Zipinda zapamwamba zimaleka kutsatira sinus node. Malo ambiri amatulutsa mphamvu nthawi imodzi, maulendo oposa 300 pa mphindi, monga kwaya imene aliyense wayamba nyimbo yake. Zipindazo zimangonjenjemera osafinya, ndipo pamkono kugunda kumamveka kopanda dongosolo. Ena amatopa ndi kupuma movutikira, ena samva ciliconse. Coopsa ndi cakuti magazi amaima m'kathumba ka cipinda ca kumanzere ndi kuundana. Oundanawo akanyamuka ndi kukatseka mtsempha wa mu ubongo, munthu amacita sitiroko. Wodwala AF ali paciopsezo ca sitiroko kuwirikiza pafupi-fupi kasanu kuposa amene alibe.

SVT. Mphamvu imazungulira-zungulira m'kanjira koonjezera kumtunda kwa mtima. Mtima umayamba kuthamanga mwadzidzidzi, maulendo 150 kufikira 250 pa mphindi, ndipo umalekanso mwadzidzidzi. Imagwira ngakhale acinyamata athanzi. Imacititsa mantha koma kawiri-kawiri siipha, ndipo imacizika.

Mtima wocedwa. Sinus node ikakalamba, kapena njira ya pakati pa zipinda zapamwamba ndi zapansi ikaduka, mtima ungatsike kufika pa 30 kapena 40. Kuduka kwa njirako kumachedwa heart block. Munthu amakhala wofooka, amamva cizungulire, ndipo angagwe ndi kukomoka popanda cenjezo. Okalamba ambiri amene timati "ndi ukalamba cabe" akamagwa-gwa, ena mwa iwo vuto lao ndi limeneli.

Kusokonezeka kwa zipinda zapansi. Uku ndiko koopsa koposa. Zipinda zopopa magazi zikathamanga mopitirira kapena kungonjenjemera, magazi amaleka kuyenda. Munthu amagwa m'masekondi ocepa, ndipo popanda cithandizo amamwalira m'mphindi zocepa. Kumeneku ndiko kuima kwa mtima. Kumasiyana ndi heart attack, pamene mtsempha wodyetsa mnofu wa mtima watsekeka, ngakhale kuti heart attack ingayambitse kuima kwa mtima.

Zimene zimayambitsa

BP yokwera imene siicizidwa ndiyo imatsogolera. Mtima ukamapopa molimbana ndi BP ya 140/90 kapena kuposerapo kwa zaka zambiri, zipinda zake zimakula ndi kulimba, ndipo njira za magetsi zimaonongeka. Zina ndi ukalamba, shuga, kunenepa kwambiri, fodya, mowa maka-maka kacasu ndi kumwa kwambiri nthawi imodzi, zakumwa zopatsa mphamvu zimene acinyamata ndi oyendetsa mabasi amakonda, kucepa kwa magazi, ndi cithokomiro ca pakhosi cikamagwira nchito mopitirira muyezo. Mankhwala ena, monga kwinini ndi ena a cimfine, angasokonezenso mtima mwa anthu ena. Azimai ena mtima umafooka kumapeto kwa pakati kapena miyezi yoyamba atabereka. Palinso matenda a mtima a kumtundu, amene amayenda m'banja.

Kuno kwathu pali cinthu cina cofunika kuti makolo acidziwe. Kumaiko olemera AF ndi nthenda ya okalamba, koma mu Africa imagwiranso anthu a zaka 20 kapena 30, cifukwa ca matenda ochedwa rheumatic heart disease. Amayamba ndi zilonda za pakhosi zobwera ndi tizilombo ta mtundu wa streptococcus, maka-maka mwa ana a zaka 5 kufikira 15. Zikapanda kucizidwa, pakapita masabata awiri kapena atatu mwana angayambe kutentha thupi ndi kumva kuwawa m'mfundo za miyendo ndi manja. Citetezo ca thupi, polimbana ndi tizilomboto, cimavulazanso tizitseko ta mtima. Zikabwereza-bwereza, kacitseko ka kumanzere kamacepa, cipinda capamwamba cimafutukuka, ndipo pambuyo pa zaka AF imayamba. Zonsezi zingapewedwe ndi penicillin, mankhwala ochipa. Mwana wodandaula pakhosi ndi kutentha thupi apite ku kiliniki. Amene anapezeka kale ndi nthendayi amalandira jekeseni ya penicillin pa masabata atatu kapena anai alionse kwa zaka zambiri, ndipo sayenera kuphonya.

Zizindikiro zofuna cipatala

Pitani ku kiliniki m'masiku ocepa ngati mtima ugunda mosafanana, ngati upitirira 100 kapena ucepera 50 muli copumula ndipo simuli bwino, ngati mutopa msanga pa nchito imene kale munali kuicita mosavuta, kapena ngati miyendo itupa.

Pitani nthawi yomweyo, ngakhale usiku, ngati kuthamanga kwa mtima kwabwera pamodzi ndi kuwawa kapena kulemera m'cifuwa, kubanika, thukuta lozizira kapena kukomoka. Cimodzi-modzi ngati kamwa yapotoka, dzanja kapena mwendo wafooka mbali imodzi, kapena mau sakumveka bwino, cifukwa zimenezi ndi zizindikiro za sitiroko. Wacinyamata amene wakomoka ali pakati pothamanga kapena kusewera mpira ayenera kupimidwa mtima asanabwerere m'bwalo, maka-maka ngati m'banja mwao wina anamwalira mwadzidzidzi akali wamng'ono.

Kupima kucipatala

Cipimo cacikulu ndi ECG. Amamata timawaya pacifuwa, m'manja ndi m'miyendo, ndipo makina amalemba magetsi a mtima pa pepala. Sicipweteka, siciika magetsi m'thupi, ndipo cimatha m'mphindi zocepa. Anayambitsa njirayi ndi Willem Einthoven wa ku Netherlands kuciyambi kwa zaka za m'ma 1900, ndipo analandira mphoto ya Nobel mu 1924. Makina ake oyamba anali olemera makilogalamu pafupi-fupi 270, ndipo wopimidwa anali kuviika manja ndi phazi m'zidebe za madzi a mcere. Lero makina ake amanyamulika ndi dzanja limodzi.

Cifukwa kusokonezeka kwina kumabwera ndi kupita, ECG ingatuluke yabwino pamene vuto lilipo. Pamenepo dotolo angakupatseni kamakina kochedwa Holter kovala maola 24 kapena 48. Cipimo cina ndi echo, cofanana ndi sikani ya azimai apakati, cimene cimaonetsa tizitseko ndi mphamvu ya mnofu wa mtima. Amapimanso magazi kuona kuculuka kwake, potaziyamu, impso ndi cithokomiro. Zimathandiza kwambiri mukalemba tsiku, nthawi ndi zimene munali kucita pamene vuto linayamba, ndi kutenga mankhwala onse amene mukumwa, kuphatikizapo a zitsamba.

Njira imayambira pa kiliniki ya kwanu, kupita ku cipatala ca boma kapena ca mishoni, kenaka ku cipatala cacikulu ca cigawo. Ofunika akatswiri a mtima amatumizidwa ku Lusaka, ku University Teaching Hospital kapena ku National Heart Hospital.

Cithandizo ca mankhwala

Coyamba dotolo amafuna gwero. Ngati ndi kucepa kwa magazi, cithokomiro, potaziyamu kapena mowa, kukonza cimeneco kungakhazike mtima pansi.

Pali mankhwala ocepetsa liwiro, monga atenolol, bisoprolol ndi carvedilol. Sayenera kulekedwa mwadzidzidzi, ndipo wodwala asima auze dotolo asanayambe. Digoxin ndi wakale kwambiri. Amacokera ku duwa lochedwa foxglove, limene dotolo wa ku England William Withering analemba za mphamvu yake mu 1785. Muyezo wake ndi wocepa, ndipo ukapitirira munthu amacita mseru, amasanza, mwina nkuona zinthu zacikasu. Ciopsezo cimakula ngati impso zafooka kapena mapilisi okodzetsa atsitsa potaziyamu. Amiodarone amabwezera mtima pa kagundidwe kake, koma womwa nthawi yaitali ayenera kupimidwa cithokomiro, ciwindi ndi mapapo.

Kwa odwala AF ambiri, mankhwala ofunika koposa ndi oletsa magazi kuundana, cifukwa ndiwo amateteza ku sitiroko. Aspirin yekha sakwanira pa nchito imeneyi. Wodziwika kwambiri ndi warfarin. Womwa warfarin amapimidwa magazi kawiri-kawiri ndi cipimo ca INR, cimene kwa ambiri ciyenera kukhala pakati pa 2 ndi 3. Cikatsika magazi angaundane, cikakwera munthu angataye magazi. Ndiwo zamasamba monga repu, cibwabwa, bondwe ndi kalembula zili ndi vitamini K amene amacepetsa mphamvu ya warfarin. Sikuti muleke kudya ndiwo zimenezi ai, koma muzidya muyezo wofanana sabata ndi sabata. Mankhwala a TB amafooketsa warfarin, Septrin amamuonjezera mphamvu, ndipo Brufen ndi diclofenac amaonjezera ciopsezo ca kutaya magazi. Conco uzani nesi kapena dotolo aliyense kuti mumamwa warfarin. Magazi a m'kamwa kapena m'mphuno osaleka, mkodzo wofiira kapena cimbudzi cakuda bii zifuna cipatala mwamsanga. Warfarin angavulaze mwana m'mimba, motero mai amene afuna kutenga pakati akambirane ndi dotolo pasadakhale.

Pali mankhwala atsopano monga rivaroxaban ndi apixaban amene safuna INR, koma ndi odula ndipo si a aliyense. Kafukufuku wochedwa INVICTUS, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2022, anatsatira odwala oposa 4,500 a AF yobwera ndi rheumatic heart disease, ndipo anapeza kuti imfa zinali zocepa mwa omwa mankhwala a mtundu wa warfarin kuposa omwa rivaroxaban. Oikidwa kacitseko ka citsulo mu mtima naonso ayenera kukhala pa warfarin. Wacibale akakutumizirani mankhwala atsopano kucokera kunja, musasinthe musanafunse.

Cithandizo copanda mapilisi

Odwala SVT amaphunzitsidwa njira yoimitsira kuthamanga, monga kupuma mokoka ndi kukankha mpweya kamwa ndi mphuno zili zotseka, kapena kuviika nkhope m'madzi ozizira. Zimenezi zimadzutsa mtsempha wa vagus. Zicitike cabe ngati dotolo watsimikiza nthendayo ndi kukuonetsani kacitidwe kake.

Cardioversion ndi kugonetsa wodwala tulo ta mphindi zocepa ndi kumenya mtima ndi magetsi oyezedwa bwino kuti sinus node iyambenso kutsogolera. Ngati AF yatha masiku opitirira awiri, wodwala amayamba wamwa mankhwala oletsa kuundana kwa masabata atatu, ndi kupitiriza masabata anai kapena kuposerapo pambuyo pake.

Ablation ndi kulowetsa kawaya mu mtsempha wa m'cuuno kufikira mu mtima, kupeza malo osokonezawo ndi kuwaocha kapena kuwaziziritsa. Pa SVT, oposa 9 mwa odwala 10 amaciriratu. Pa AF nthendayo nthawi zina imabwerera.

Pacemaker ndi kamakina kocepera bokosi la macisi kamene amaika pansi pa khungu m'munsi mwa phewa, ndi waya umodzi kapena awiri opita mu mtima. Kamamvetsera, ndipo mtima ukacedwa kamatumiza kamphamvu kouyambitsa. Kawiri-kawiri amacita dzanzi pamalopo cabe, osagonetsa wodwala. Munthu woyamba kuikidwa pacemaker m'thupi anali Arne Larsson, ku Stockholm m'dziko la Sweden mu 1958. Kamakina koyambako kanagwira nchito maola ocepa cabe, koma anamusinthira ena pa moyo wake wonse ndipo anamwalira mu 2001 ali ndi zaka 86. Masiku ano batiri imakhala zaka pafupi-fupi 10. Wokhala ndi pacemaker angalime, angayende ulendo ndi kuimba m'kwaya. Foni ikhale masentimita 15 kutali ndi kamakinako, osati m'thumba la pacifuwa. Asanyamule pacifuwa masipika aakulu a m'chalichi cifukwa ali ndi maginito, apewe makina owocherera zitsulo, ndipo aziyenda ndi khadi yake.

ICD ndi yofanana ndi pacemaker, koma imathanso kumenya mtima ndi magetsi ikaona kusokonezeka koopsa kwa zipinda zapansi. Inaikidwa koyamba mwa munthu mu 1980 ku Baltimore m'dziko la America.

Munthu akagwa mwadzidzidzi

Okonda mpira amakumbukira Marc-Vivien Foé wa ku Cameroon, amene anagwa m'bwalo ku Lyon pa 26 June 2003 ndi kumwalira ali ndi zaka 28. Amakumbukiranso Christian Eriksen wa ku Denmark, amene mtima wake unaima pa 12 June 2021 ku Copenhagen. Iye anathandizidwa pomwepo ndi kusindikiza pacifuwa ndi makina omenya mtima, anaikidwa ICD, ndipo mu 2022 anabwerera kusewera. Caka comweco mu October, Enock Mwepu wa Chipolopolo analeka mpira ali ndi zaka 24, madotolo atamupeza ndi nthenda ya mtima ya kumtundu imene ikanamuika pa ngozi akanapitiriza kusewera.

Munthu angagwe motere pamaliro, pamsika kapena pakati pa mapemphero. Wina akagwa m'chalichi, kaya tiganiza kuti cacititsa ndi ciani, mmodzi ayenera kugwada ndi kuona ngati akupuma. Muitaneni ndi kumugwedeza paphewa. Ngati sayankha ndipo sapuma, kapena angokoka mpweya mwa apo ndi apo monga wophupha, mtima waima. Tumani wina aitane ambulansi kapena apeze motoka. Mugonekeni cagada pansi polimba. Ikani cikhato pakati pa cifuwa, dzanja lina pamwamba pake, ndi kusindikiza mwamphamvu masentimita 5 kufikira 6, maulendo 100 kufikira 120 pa mphindi. Musaleke, muzisinthana mukatopa, kufikira atayamba kupuma kapena acipatala atamulandira. Musamuthire madzi, musamumwetse kanthu, musamukhazike pampando. Ena onse apemphere, koma manja a wosindikiza asaime. Mphindi iliyonse yopita popanda cithandizo imacepetsa kwambiri mwai wakuti apulumuke. Ngati akupuma bwino, mugonekeni cam'mbali ndi kupita naye kucipatala.

Pemphero, kusala kudya ndi mankhwala

Funso limene akhristu ambiri amafunsa ndi lakuti, kodi kupitiriza mankhwala pambuyo popemphereredwa ndi kusowa cikhulupiriro? Mipingo yathu inamanga zipatala pafupi ndi machalichi kuyambira masiku a amishoni, ndipo kufikira lero zipatala za mipingo zogwirizana mu Churches Health Association of Zambia zimasamalira anthu ambiri a kumidzi. Luka, wolemba Uthenga Wabwino, anali sing'anga monga tiwerenga pa Akolose 4:14. Pa 2 Mafumu 20, mfumu Hezekiya anapemphera ndipo Mulungu anamumva, koma mneneri Yesaya analamulabe kuti aike nkhuyu pa cotupa cake. Pemphero ndi mankhwala zinayendera pamodzi.

Wodwala AF angamve bwino kotheratu pamene nthenda ikalipo, ndipo akaleka warfarin citetezo cimatha m'masiku ocepa. Amene akhulupirira kuti wacira apite akapimidwe ECG, ndipo dotolo ndiye anene za kuleka mankhwala. Mtsogoleri wa mpingo asauze munthu kutaya mapilisi ake. Pa nyengo ya kusala kudya, wodwala mtima afunse dotolo poyamba, asaleke kumwa madzi ndi mankhwala, ndipo pa mapemphero a usiku wonse asadalire zakumwa zopatsa mphamvu kuti asagone.

Kuteteza mtima kumayambira kunyumba. Bungwe la World Health Organization limalangiza mcere wosapitirira magalamu 5 pa tsiku, pafupi-fupi kasupuni kamodzi ka tiyi, kuwerengera ndi wa m'kapenta, nsomba zouma ndi soda wa m'ndiwo. Yendani mofulumira mphindi 30 masiku ambiri a sabata, lekani fodya ndi mowa, ndipo imwani mankhwala a BP tsiku ndi tsiku ngakhale mutu usakuwawa.

Mipingo yambiri ili ndi manesi ndi ena ogwira nchito za umoyo pakati pa mamembala ake. Tsiku la 29 September, limene dziko lonse limakumbukira za mtima, ndi nthawi yabwino yowapempha kuti pa Sabata loyandikira apime BP ndi kugunda kwa mtima pambuyo pa mapemphero, ndi kuphunzitsa madikoni, olandira alendo pakhomo ndi atsogoleri a acinyamata kusindikiza pacifuwa. Magulu oyendera odwala angafunsenso mafunso awiri panyumba iliyonse imene muli wodwala mtima: kodi mankhwala akalipo, ndipo kodi ndalama ya ulendo wa ku cipimo cotsatira yapezeka?